Chaka Chimene Ndinapenta Masamba a Madamu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha chitedze. Ndinali folomu 2, ndipo tsiku lina m'mawa ndinakutumulira chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu, amene ankakonda kutiuza kuti mitu yathu ndi maungu. Anaphunzitsa mphindi zisanu zokha. Zotsalazo anakamalizira kuseri kwa ofesi, kalasi yonse ikuonerera pazenera. A hedi anandithamangitsa, nati ndisadzapondenso pasukulupo pokhapokha nditabwera ndi bambo anga. Bambo anga anali atapita ku Mozambiki kukasaka ganyu, ndipo chichokereni sanatumize mawu.

Kwathu, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, palibe amene anaseka. Chinali chaka cha njala ija, nkhokwe yathu inali itagona kale chammbali ngati ng'ombe yodwala. Amayi atamva nkhani yonse anangofunsa kuti, "Ndiye wabwera kudzadya chiyani, Enelesi?"

Patapita sabata, mayi wina woyandikana nafe, amene ankachapa zofunda pa resitihausi ina ku Balaka, anabwera ndi uthenga. Mwini malowo, amene aliyense ankangowatcha Madamu, ankafuna mtsikana wopukuta masamba a maluwa. Amayi anamuuza kuti abwereze. Anthu ankawiritsa mango osapsa, ena ankakumba zitsa za nthochi, koma kunali munthu wofuna wantchito wopukuta masamba. Malipiro ake anali mbale imodzi masana, ndi chitini cha ufa Loweruka lililonse. M'mawa mwake ndinanyamuka, ulendo wa maola awiri wapansi.

Chaka chimenecho resitihausi inkadzaza, chifukwa anthu a mabungwe ogawa chimanga ankagona pamenepo. Madamu ankati munthu amene waona njala tsiku lonse ayenera kupeza maluwa akabwera. Miphika inalipo makumi anayi ndi itatu: m'chipinda chodyera, m'khonde lamkati, ndi m'mazenera a zipinda zogona. Mayina enieni a maluwawo sindinawagwire. Tinali ndi athu. Ena tinkawatcha Supuni chifukwa duwa lake loyera linkaima ngati supuni, ena Makutu a Mbewa, ndipo ofiira onunkha aja Madamu ankati jeleniyamu.

Mkulu wa maluwa anali Che Bakali, mdala wa ku Ntaja, wamtali, wovala kofia yoyera. Anakulira m'minda ya maluwa ya azungu ku Zomba. Ankagona kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zipangizo, ndipo kwawo ankapita pakutha pa mwezi. Tsiku loyamba nditatola kheni yothirira, anandilanda. Anati wothirira asanafunse ndi wakupha. Choyamba umalowetsa chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Kenako umanyamula mphika kuti umve kulemera kwake, n'kununkhiza kubowo lapansi. Dothi likamanunkha ngati dambo, masamba ali achikasu ndi ofewa, ndiye kuti mizu ikuwola ndi madzi, ndipo mankhwala ake ndi kusiya kheni. Ukatha zimenezi m'pamene umayang'ana tsamba, pamwamba ndi kunsi komwe, pamene pamabisala nsabwe ndi timaukonde ta akangaude ofiira.

Anandiyendetsa mphika ndi mphika ngati a dokotala m'wodi. Tsamba laling'ono la kunsonga likachita chikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, ndi madzi a pamjigo a ku Balaka, olemera ndi laimu aja, ndipo duwalo lifunika madzi a mvula a m'diramu. M'mphepete mwa tsamba mukapsa ngati wina wadutsapo ndi ndudu, ndi feteleza wochuluka, uthire madzi ambiri atulukire pansi. Kunsi kukafiirira ngati biringanya, mizu sikupeza chakudya chake. Ine ndinkawadula mawu ndi za m'buku la zaulimi, kuti uyo ndi ayironi, uyo ndi fosifolasi. Iwo ankangoti mayinawo ndi athu a sukulu, duwa siliwadziwa.

Pamphika wina wa jeleniyamu anaima nthawi yaitali. Masamba awiri a pansi penipeni anali achikasu chofanana, tsamba lonse, pamene a kumwamba anali bwinobwino.

"Iyi ndiyo njala, mwanache," anatero. "Duwa likasowa chakudya silifa lonse tsiku limodzi. Limachotsa chakudya m'masamba akale n'kupatsa ana a kunsonga. Akuluakulu ndiwo amayamba."

Ndinati ndi nayitrojeni. Iwo anapita pamphika wotsatira.

Chakudya cha maluwa chinali chitowe, feteleza wa timibulu totuwa uja, wodzaza ndowa yaikulu m'sitolo. Pakadutsa masabata atatu tinkaboola dothi ndi kamtengo m'mphepete mwa mphika, kutali ndi tsinde, n'kuthira theka la chitsekerero cha botolo, kukwirira, n'kuthirira. Mawondo a Che Bakali ankavuta, choncho ntchito yogwada imeneyi inakhala yanga. Madamu ankakonda kuimirira pambali n'kumaonerera, ndipo nthawi zina ankavundukula ndowa ija kuti aone pamene yafika. Wophika anandinong'oneza kumene chitowecho chinachokera. Madamu sanachigule kusitolo iyayi. Anachigula pakhomo lakuseri kwa alimi a kwa Kalembo, amene analandira timapaketi taulere tija n'kutigulitsa kuti apeze gaga wa tsiku limodzi.

Mu Disembala chimanga cha amayi chinamera popanda feteleza. Lamulungu lina ndinalowa m'munda ndi maso a Che Bakali, ndipo ndinachita mantha. Masamba a pansi anali achikasu, kuyambira kunsonga kutsika ndi msana wa tsamba, phando lililonse, munda wonse. Chimanga chimene tinkachidikira kuti chidzatipulumutse nachonso chinali ndi njala. Mlongo wanga Yamikani, wa zaka zinayi, tsitsi lake linali litayamba kufiira.

Nzeru inabwera yokha, ndipo ndinailandira ndi manja awiri. Ndinali ndi masokosi aatali a sukulu amene analibe ntchito. Mchenga wa mu Rivirivi uli ndi timiyala totuwa, ndipo ukausefa kawiri, koyamba kuchotsa fumbi, kachiwiri kuchotsa miyala ikuluikulu, chotsalacho ngakhale mlangizi angachitche chitowe. M'mawa masokosi ankapita ku Balaka atadzaza timiyala, atamangidwa m'chiuno kunsi kwa chitenje. Madzulo ankabwerera atadzaza chitowe. Mlonda wa pageti ankapisa m'majumbo onse, koma m'chiuno mwa mtsikana sakanayerekeza. Ndowa sinkatsika. Amayi ndinawauza kuti ndi zotsala zimene Madamu amataya. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga chitsekerero n'kulowa m'munda.

Musaganize kuti sindinkadziwa chimene ndinkaseweretsa. Chaka chimenecho wakuba sankafika kupolisi. Mwamuna wina wa mudzi woyandikana nafe anagwidwa ndi chinangwa chitatu, ndipo ndinamuona ndi maso anga akuchokera kuchipatala, mutu uli wokulungidwa, mbali imodzi yopanda khutu. Ndinkamukumbukira nthawi iliyonse podutsa pageti. Komabe ndikanama ndikanena kuti sindinkasangalala. Pofika Januwale m'ndowa munali timiyala tokhatokha, ndipo ine ndinkagwada mwaulemu pamaso pa Madamu, kuyeza theka la chitsekerero mosamala, n'kudyetsa maluwa awo mtsinje wa Rivirivi. Tsiku lina anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino.

Chipongwe chimodzi chokha ndi chimene sichinandikomere. Ndinaona kuti Che Bakali sankamaliza mbale yawo. Gawo lalikulu la nsima ankalidula timapande, kuyanika padenga la sitolo dzuwa likatuluka, n'kusunga m'kathumba. Ndinabisa kathumbako mumphika wopanda kanthu kuti ndione mmene mdala wopemphera amatukwanira. Sanatukwane. Anafufuza paliponse, kenako anakhala pansi pakhomo la sitolo. Wophika ndiye anandiuza kuti ku Ntaja kuli adzukulu asanu ndi mmodzi, amasiye, amene amadikira kathumbako pakutha pa mwezi. Ndinakabweza, n'kunena kuti ndakalanda kwa mphaka. Iwo anayang'ana chingwe cha pakamwa pa kathumbako nati mphaka wa kuno amamanga mfundo bwino.

Mu Febuluwale masamba anayamba kundinenera. Anayamba a jeleniyamu, kenako Supuni, kenako chipinda chodyera chonse: chikasu chofanana, kuyambira pansi kukwera. Maluwa atsopano ankatuluka ang'onoang'ono n'kuyoyoka asanamasule. Che Bakali anachita zonse mwa dongosolo lake, ine ndikutsatira ndi nsanza yopukutira. Chala m'dothi, dothi linali bwino. Kununkhiza, panalibe fungo. Kunsi kwa masamba kunalibe kachilombo. Kenako anafukula m'mphepete mwa mphika pamene ndinathira masabata atatu apitawo. Chitowe chenicheni chikanakhala chitasungunuka kalekale. Timiyala tanga tinali phee, tonyowa, towala. Anatola kamodzi, kukagubuduza pachikhatho, n'kukaika palilime. Feteleza amaluma lilime. Mwala suluma.

Anandiyang'ana, ine n'kumayang'ana nsanza.

"Chimanga cha amayi ako chili bwanji?"

Ndinati chikukula.

"Haramu," anatero motsitsa, kutanthauza tchimo. Kenako anafunsa ngati chayamba ndevu. Ndinati chayamba.

Ankafuna manyowa a nkhuku, koma nkhuku zinali zitatha kudyedwa dera lonselo. Choncho anandikweza kudenga la resitihausi, kumene kunkagona mileme, ndipo ndinakokolola zitosi zake theka la thumba. Tinamiza thumbalo m'diramu ya madzi a mvula. Anati madziwo akhale sabata, tiwasungunule mpaka aoneke ngati tiyi wofooka, ndipo pakatha masabata ena awiri masamba atsopano adzayamba kubiriwira. Achikasuwo sadzabwerera iyayi. Tsamba limene lapereka chakudya chake silichilandiranso.

Masabata atatu tinalibe. Lachiwiri la sabata lomwelo Madamu analengeza kuti Loweruka kubwera akuluakulu a bungwe lina kuchokera ku likulu, kudzadya nkhomaliro. Anayendera miphika, nkhope itathina, ndipo anauza Che Bakali ife tonse tikumva kuti maso awo atha, ndi kuti Loweruka akapeza chikasu m'chipinda chodyera, alongedze. Kuthothola masamba odwalawo sikukanathandiza, chifukwa anali ochuluka, maluwa akanatsala ngati miyendo ya nkhuku. Ndinaganiza za kathumba kaja. Ndinaganizanso kuti Madamu akafufuza kwambiri, afika pandowa.

M'sitolo munali chitini cha penti wobiriwira, wamafuta, wotsala popenta mazenera. Lachisanu masana, Che Bakali atapita kumzikiti ndipo Madamu atapita kumsika, ndinatenga mswachi wakale ndi kansalu. Ndinapenta miphika makumi awiri ndi iwiri, tsamba ndi tsamba, pamwamba ndi kunsi, ndipo mitsempha ndinaijambula ndi kamtengo ka machesi. Ndikuuzeni, inali ntchito yokongola. Chipinda chodyera sichinabiriwirepo chonchija chimangidwireni. Madamu atafika anaomba m'manja, nati fungo la pentilo ndi la mazenera, n'kuuza Che Bakali, amene ankangolowa kumene, kuti ukalamba ndi mankhwala. Iwo anayandikira mphika umodzi. Sanaukhudze. Madamu atatuluka, Che Bakali anandiuza kuti tsamba limapumira kunsi, ndipo ine ndawatseka pakamwa onsewo.

Penti wamafuta sauma msanga nthawi ya mvula. Zimenezo m'buku la zaulimi munalibe.

Loweruka alendo anafika asanu ndi atatu. Ine ndinaikidwa pakhomo la khitchini ndi beseni losambitsira m'manja. Kumwamba kunali kutada, kukutentha, ndipo fungo la penti linali litakhala m'chipindamo ngati mlendo wachisanu ndi chinayi. Tsamba loyamba linagwa akupemphera. Linagwa ndi kaphokoso, chifukwa linali lolemera. Lachiwiri linagwera m'mbale ya mpunga. Pakati pa alendowo panali mayi wina wa magalasi, katswiri wa zaulimi. Anatambasula dzanja n'kusisita tsamba la Supuni, n'kuyang'ana zala zake, n'kuzipukuta pansalu yoyera ya patebulo. Panatsala mizere itatu yobiriwira. Palibe anaseka, ndipo ine ndinadziluma tsaya mpaka magazi. Mayiyo anapala penti ndi chikhadabo, kuona chikasu chili kunsi, n'kufunsa Madamu mwaulemu ngati maluwawo amadyetsedwa, popeza akuoneka anjala.

Madamu anadikira mpaka alendo atapita kukapuma m'khonde. Kenako anatisonkhanitsa kuseri kwa khitchini: wophika, mayi wochapa uja, Che Bakali, ine, ndi mlonda atagwira chibonga chake. Analamula kuti ndowa ibwere. Anatapa dzanja limodzi n'kuthira mutambula ya madzi, n'kuvundula ndi supuni. Tonse tinayang'ana. Madzi anakhala oyera. Timiyala tinakhala pansi, tikulira ngati mikanda.

Kiyi wa sitolo ankasunga Che Bakali. Madamu anawafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu sanama, ngakhale pa zazing'ono. Mlonda anasuntha mwendo, ndipo ine ndinamva makutu anga akutentha, onse awiri.

"Masamba andiuza kuti ndi njala, Madamu," anatero Che Bakali. "Dzina sanandiuze."

Wophika anayesa kuponyapo mawu oti masiku ano ogulitsa akusakaniza feteleza ndi mchenga. Madamu sanamuyang'ane n'komwe. Anati wina achoka lero, ndipo popeza mdalayu wasunga kiyi wa mchenga n'kulola maluwa kupentedwa ngati mazenera, alongedze, apite kwawo asanaitane anthu a pamsika kuti amuthandize kukumbukira.

Ndinaika beseni pansi n'kutambasula manja. Ndinali nditawatsuka ndi parafini, ndi phulusa, ndi mchenga, koma kunsi kwa zikhadabo zonse khumi kunali kobiriwira ngati munda wa mpunga. Ndinati penti ndi ine, Che Bakali anali kumzikiti, ndipo ngati aona bwino, mitsempha ndinaijambula molondola. Madamu anafunsa za mchenga. Pakamwa panga sipanandikhumudwitsepo chibadwire.

"Za mchenga sindidziwa, Madamu. Kapena tikafunse alendo aja. Iwo ndi amene akudziwa zimene zimakhala m'timapaketi taulere ta alimi."

M'khonde tinkamva alendo akuyankhula, masitepe khumi okha kuchokera pamene tinaima. Madamu anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona akuwerenga nkhope yanga monga Che Bakali ankawerengera tsamba. Mbama inabwera, ya dzanja lamanzere, yolira bwino. Kenako anauza mlonda kuti anditulutse, ndipo chitini cha ufa cha Loweruka limenelo ndisachione. Che Bakali sanawachotse ntchito. Tambula ija anaikhuthulira m'ngalande okha.

Chimanga chinali chitatsala masabata atatu. Masabata amenewo sindiwaseka. Tinadya nkhwani wosatendera, ndi kalongonda wowiritsa tsiku lonse, kutaya madzi kasanu kuti asatipengetse. Yamikani anasiya kulira, n'kumangokhala pamthunzi. Amayi ankatigawira n'kunena kuti iwo adya kale kumunda. Tinkasinthana kulondera, chifukwa m'dera lonselo munda wathu wokha ndi umene unali wobiriwira mpaka tsamba lapansi, ndipo anthu ankaima panjira n'kumauyang'ana mosaphethira.

Tsiku limene tinathyola choyamba, ndinawiritsa chimanga chisanu ndi chitatu n'kupita nacho ku Balaka, kulowera kumpanda wakuseri. Kudzera pazenera ndinaona kuti masamba anga opentedwa anali atagwa onse, koma kunsonga kunkatuluka atsopano, obiriwira okha. Madzi a mileme anagwira ntchito. Che Bakali ndinawapeza atakhala pakhomo la sitolo, opanda nsapato. Mapazi anali atatupa. Ndinachita zimene anandiphunzitsa, kufunsa ndi chala. Nditadina pamwendo, dzenje linatsala, ndipo silinabwerere.

Anavundukula mbale n'kufunsa ngati amenewa ndi maluwa a Madamu. Ndinati inde, amasula. Anaseka, koyamba chiwadziwireni, mpaka kutsokomola. Anati haramuyo ndi yanga, si ya ana, n'kuyamba kulongedza m'kathumba kaja. Ndinati sindichoka mpaka adye chimodzi ine ndikuona. Anathyola chimodzi pakati, kudya theka pang'onopang'ono, theka linalo n'kuliponya m'kathumba. Pakutha pa mwezi anakwera galimoto ya ku Ntaja. Sanabwerere. Mayi wochapa uja anati Madamu analemba munthu wina, ndipo za mdalayo palibe amene anabweretsa mawu.

Bambo anabwera mu Juni, owonda, ndi njinga yopanda tcheni. Anandiperekeza kusukulu, ndipo ndinapepesa za chitedze ndi pakamwa pokha. Pano ndili folomu 4. Mukandifunsa ngati ndinalapa za chitowe, iyayi. Yamikani ali sitandade 1, ndipo ndikanakhala ndi masokosi anayi ndikanamaliza ndowayo msanga. Za penti ndimangodandaula kuti sindinayambe Lachitatu, akanauma.

Chimene ndinachoka nacho ndi chizolowezi chimodzi. Anzanga akandionetsa duwa kapena phando la chimanga, amaloza kunsonga, kumene kuli kokongola. Ine ndimagwada n'kuyamba pansi. Ndipo ndikalowa m'nyumba ya munthu nthawi ya chakudya, ana akudya, sindiyang'ana ana. Ndimayang'ana mapazi a uja wakhala pambali n'kunena kuti wadya kale.